Kuchotsa DNA mu RNA: Phunziro Lochokera ku Kafukufuku wa Malungo ku Machinga ndi Balaka

Mawu oyamba

Cholinga changa m'nkhani ino ndi kufotokoza ntchito imodzi yomwe imachitika m'labotale, ntchito yooneka yaing'ono koma yomwe ikapanda kuchitika bwino imasokoneza zotsatira za kafukufuku yense. Ntchitoyi ndi yochotsa DNA yosafunika mu RNA akatswiri asanayambe kuyeza pogwiritsa ntchito njira yotchedwa RT-PCR. Ndasankha kufotokoza zimenezi potengera nkhani ya malungo m'maboma a Machinga ndi Balaka chifukwa kumeneku kwakhala kukuchitika kafukufuku wofuna kudziwa anthu omwe amapatsira udzudzu tizilombo ta malungo. Ndiyamba ndi kumasulira mawu ofunika, kenaka ndionetsa pomwe pagona vuto, njira zolithetsera, ndi momwe munthu angatsimikizire kuti lathadi. Pomaliza ndikhudzako za kuyeza kachilombo ka HIV, pomwe vuto lomweli limaonekanso.

DNA ndi RNA

Zamoyo monga munthu, chimanga ngakhalenso kachilombo ka malungo zimapangidwa ndi maselo. M'kati mwa selo muli DNA, yomwe tingaiyerekeze ndi buku lalikulu la malangizo a momwe chamoyocho chiyenera kukhalira. Ndime iliyonse ya bukuli imatchedwa jini. Owerenga asadabwe, majini amenewa ndi osiyana ndi majini aja omwe timawamva pa nkhani za mizimu. Bukuli silituluka m'malo mwake. Selo likafuna kupanga chinthu china chake, limakopera ndime yofunikayo pa kakalata, ndipo kakalatako ndi komwe kamapita kukagwira ntchito. Kakalata kameneka ndiko RNA.

Mfundo yofunika kuigwiritsitsa ndi yakuti selo limakhala ndi buku lonse nthawi zonse, koma silikopera ndime zonse nthawi imodzi. Choncho DNA imatiuza zomwe selo lingathe kuchita, pamene RNA imatiuza zomwe selolo likuchita pa nthawiyo. Kusiyana kwina n'kwakuti DNA ndi yolimba, imatha kukhala zaka zambiri osaonongeka, pamene RNA sichedwa kuphwasuka. Pakhungu pathu, m'malovu ndi m'fumbi momwe muli enzaimu yotchedwa RNase yomwe imadula RNA. Enzaimu ndi mtundu wa puloteni yomwe imafulumizitsa ntchito inayake m'thupi, monga kudula kapena kulumikiza zinthu.

PCR ndi RT-PCR

Njira ya PCR anaitulukira ndi Kary Mullis wa ku America m'chaka cha 1983, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1993. Njirayi imachulukitsa kachidutswa ka DNA kuti kafike poti makina n'kukaona. M'kachubu amaikamo tizidutswa tiwiri tatifupi totchedwa primer, tomwe timakamamatira kumayambiriro ndi kumapeto kwa ndime yomwe ikufunidwa, pamodzi ndi enzaimu yokopera. Makina amatenthetsa ndi kuziziritsa kachubuko mobwerezabwereza, ndipo pa ulendo uliwonse chiwerengero cha tizidutswa chimawirikiza kawiri. Kachidutswa kamodzi kamasanduka tizidutswa 1,024 pakatha maulendo 10, topitirira 1 miliyoni pakatha maulendo 20, ndi topitirira 1 biliyoni pakatha maulendo 30.

Enzaimu yokoperayi imagwira bwino ntchito pa DNA yokha. Ndiye munthu akafuna kuyeza RNA amayamba waisandutsa DNA. Izi zimatheka ndi enzaimu ina yotchedwa reverse transcriptase, yomwe inatulukiridwa mu 1970 ndi Howard Temin komanso David Baltimore, aliyense payekha. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1975. Kachilombo ka HIV kamagwiritsanso ntchito enzaimu ya mtundu womwewu pofuna kulemba malangizo ake m'maselo a munthu. DNA yopangidwa kuchokera ku RNA imatchedwa cDNA, ndipo njira yonseyi, yoyamba ndi kusandutsa kenaka n'kuchulukitsa, ndiyo RT-PCR.

Apa ndi pomwe pagona vuto. Enzaimu yokopera ija sitha kusiyanitsa cDNA ndi DNA yeniyeni ya m'selo yomwe yatsalira m'kachubu. Zonse ziwiri imazichulukitsa mofanana. Munthu akhoza kusangalala kuti wapeza kakalata, pamene chomwe wapeza ndi tsamba long'ambika kuchokera m'buku.

Chitsanzo cha malungo

Maboma a Machinga ndi Balaka ndi otentha ndipo ali ndi madzi ambiri oswanamo udzudzu. Mtsinje wa Shire umadutsa pa Liwonde, ndipo kum'mawa kwa Machinga kuli nyanja za Chilwa ndi Chiuta ndi madambo ake. Maboma onse awiriwa anali m'gulu la maboma 11 omwe anayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S, yemwe dziko la Malawi linakhazikitsa pa 23 Epulo, 2019. Kafukufuku wa ICEMR, yemwe anayamba mu 2010 m'maboma a Blantyre, Thyolo ndi Chikwawa mothandizidwa ndi boma la America, anadzafikanso ku Ntaja m'boma la Machinga ndi ku Namanolo m'boma la Balaka m'gawo lake lachiwiri lomwe linayamba mu 2017. Bungwe la Malaria Alert Centre la ku Blantyre, lomwe tsopano lili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, linatenga mbali yaikulu pa ntchitoyi. Limodzi mwa mafunso a akatswiriwa linali lakuti: kodi ndi anthu ati omwe udzudzu umatengako tizilombo?

Funsoli ndi lofunika chifukwa si kachilombo kalikonse ka malungo komwe kangapitirize moyo wake mu udzudzu. Tizilombo tambiri ta Plasmodium falciparum tomwe tili m'magazi timangoswana ndi kudwalitsa munthu, ndipo udzudzu ukatimeza timafera m'mimba mwake. Koma tina towerengeka timasintha n'kukhala tatimuna ndi tatikazi. Timeneti timatchedwa ma gametocyte. Timakhwima kwa masiku 10 mpaka 12 titabisala makamaka m'kati mwa mafupa, kenaka n'kutulukira m'magazi kukadikira udzudzu. Sitidwalitsa munthu, koma ndi tokhato tomwe timapititsa malungo kwa anthu ena. Mankhwala a LA, omwe dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, amapha bwino tizilombo todwalitsa koma samaliza ma gametocyte okhwima.

Ma gametocyte nthawi zambiri amakhala ochepa zedi moti maikulosikopu sawaona. N'chifukwa chake akatswiri amafufuza RNA ya jini lotchedwa Pfs25, lomwe tizilombo tatikazi tokhwima timalikopera kwambiri. Pogwiritsa ntchito njira zotere, Jenna Coalson ndi anzake anaonetsa mu 2016 kuti kum'mwera kwa Malawi ana a msinkhu wa sukulu ndi omwe amapezeka kwambiri ndi ma gametocyte. Kafukufuku wina wa Rex Mbewe ndi anzake, yemwe anatuluka mu 2023, anayeza magazi opezeka m'mimba mwa udzudzu ku Ntaja ndi ku Namanolo, ndipo anapeza kuti udzudzu wambiri womwe unamwa magazi okhala ndi tizilombo unali utaluma ana a zaka 6 mpaka 15.

Tsopano tiyeni tione momwe DNA ingasokonezere ntchito yotere. Kachilombo kalikonse ka malungo, kaya kodwalitsa kaya ka gametocyte, kali ndi jini la Pfs25 m'buku mwake. Kusiyana kwake kuli pa kukopera basi. Tiyerekeze mwana wa ku Ntaja yemwe wadwala malungo kumene, ndipo m'kadontho ka magazi ake muli tizilombo todwalitsa tambirimbiri koma mulibe gametocyte yokhwima. DNA ya tizilomboti ikatsalira mu RNA, makina adzaonetsa kuti Pfs25 yapezeka, ndipo mwanayo adzawerengedwa m'gulu la omwe angapatsire udzudzu. Zoterezi zikachitikira ana ambiri, lipoti lidzakokomeza chiwerengero cha ofalitsa matenda. Mankhwala omwe akuyesedwa ngati angaphe ma gametocyte adzaoneka ngati alephera, ndipo ndalama zochepa zomwe zilipo zikhoza kupita komwe sizikufunika kwenikweni.

Momwe DNA imatsalira

Posiyanitsa RNA ndi zina zonse za m'magazi, maselo amayamba aphwanyidwa, ndipo DNA ndi RNA zimatulukira pamodzi. Ziwirizi ndi zofanana kwambiri kapangidwe kake kotero kuti kuzilekanitsa kuli ngati kupeta mpunga womwe wasakanikirana ndi timiyala toyera tofanana nawo kukula. Lichero limachotsa mankhusu, koma timiyala timatsalira.

Njira yakale yodziwika bwino ndi ya Piotr Chomczynski ndi Nicoletta Sacchi ya mu 1987. Pa njirayi amathira mankhwala a phenol okhala ndi asidi pamodzi ndi chloroform, n'kuika kachubu m'makina ozunguza mwaliwiro. Zam'katimo zimagawikana ngati madzi ndi mafuta. RNA imakhala m'madzi a pamwamba, pamene DNA ndi mapuloteni zimakhala pakati ndi pansi. Wopopa madzi a pamwambawo akafuna kumaliza dontho lililonse amakhudza malire a pakati aja n'kukoka DNA. Ndi bwino kusiyako pang'ono kusiyana n'kutenga zonse pamodzi ndi zinyalala. Njira ina ndi yogwiritsa ntchito timasefa tomwe timagwira RNA, koma natonso timagwirako DNA, makamaka tikadzazidwa magazi opitirira muyezo.

Njira yoyamba: kudula DNA ndi DNase

Njira yodalirika kwambiri ndi kugwiritsa ntchito enzaimu yotchedwa DNase I, yomwe imadula DNA m'tizidutswa ting'onoting'ono koma RNA osaikhudza. Poyamba enzaimuyi inkatengedwa m'chiwalo cha m'mimba mwa ng'ombe chotchedwa pancreas, ndipo Moses Kunitz anaiyeretsa mu 1950. Yogwiritsa ntchito pa RNA iyenera kukhala yotsimikizika kuti ilibe RNase, apo ayi idzaononga chomwe tikufuna kuteteza.

Pali nthawi ziwiri zomwe DNase ingathiridwe. Yoyamba ndi pamene RNA ikadali pa kasefa. Enzaimuyi amaidonthezera pa kasefapo n'kudikira mphindi 15 pa kutentha kwa madigiri 20 mpaka 30, kenaka amaitsuka pamodzi ndi tizidutswa ta DNA. Ubwino wake ndi wakuti enzaimuyo imachokeratu. Koma aliyense wodziwa Liwonde ndi Balaka m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kutentha kumapitirira madigiri 30, choncho chipinda chogwiriramo ntchito chiyenera kukhala choziziritsidwa.

Yachiwiri ndi pamene RNA yasungunulidwa kale m'madzi. Apa amathira DNase ndi madzi ake apadera okhala ndi magnesium ndi calcium, zomwe enzaimuyi singagwire ntchito popanda izo, n'kuika kachubu pa madigiri 37 kwa mphindi pafupifupi 30, malinga ndi malangizo a opanga mankhwalawo. Njirayi imadula DNA yambiri kuposa yoyamba ija, koma ili ndi msampha wake. DNase ikatsala yamoyo idzadulanso ma primer ndi cDNA yomwe ipangidwe kutsogolo, ndipo zotsatira zidzaonetsa kuti mulibe kanthu pamene chilipo. Ndiye iyenera kuphedwa. Ambiri amathira mankhwala a EDTA n'kutenthetsa kachubu pa madigiri 65 kwa mphindi 10. Ndondomeko yake ndi yofunika: EDTA ayambe, kutentha kubwere pambuyo. Chifukwa chake n'chakuti RNA ikatenthedwa pali magnesium imaduka, ndipo ntchito ya EDTA ndi kumanga magnesium ameneyo. Komanso EDTA akachuluka amamanga ngakhale magnesium yemwe reverse transcriptase ikufuna, ntchito n'kuima. Pofuna kupewa zonsezi, ena amadutsitsanso RNA pa kasefa katsopano, ngakhale kuti potero RNA ina imataika.

Njira yachiwiri: kusankha bwino ma primer

Mu 1977, Richard Roberts ndi Phillip Sharp anaonetsa kuti majini ena ali ndi zigawo zapakati zomwe zimadulidwa n'kutayidwa RNA isanayambe ntchito. Zigawozi zimatchedwa ma intron. Tanthauzo lake ndi lakuti pa malo ena kakalata kamasiyana ndi buku: mawu awiri omwe m'buku ali motalikirana, m'kakalata amakhala moyandikana. Katswiri angathe kupanga primer yomwe imamatira pa mfundo yolumikizira yokhayo. Primer yotere singamatire bwino pa DNA chifukwa m'bukumo mfundoyo mulibe.

Tsoka lake n'lakuti jini la Pfs25 lilibe intron, kotero kuti woyeza Pfs25 sangathawe kugwiritsa ntchito DNase. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe Lisette Meerstein-Kessel ndi anzake a ku Nijmegen, m'dziko la Netherlands, anakonzera njira ina mu 2018. Iwo anasankha majini awiri okhala ndi ma intron, la CCp4 la tizilombo tatikazi ndi la PfMGET la tatimuna, kuti kuyeza kuzitheka popanda DNase. Komabe njira ya ma primer siithandiza paliponse. Mwa munthu muli makope akale a majini ena, monga GAPDH, omwe analowa mu DNA ma intron atachoka kale. Makope oterewa amafanana ndi kakalata, ndipo primer imawamatira.

Kutsimikizira kuti DNA yachoka

Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. RNA yoyera ndi yodetsedwa zimaoneka chimodzimodzi m'kachubu, zonse ngati dontho la madzi. Ngakhale makina oyeza kuchuluka kwa RNA pogwiritsa ntchito kuwala sathandiza kwenikweni, chifukwa DNA ndi RNA zonse zimamwa kuwala kwa mtundu umodzi. Makinawa amapereka nambala yoyandikira 2.0 pa RNA yoyera ndi 1.8 pa DNA yoyera, kusiyana kochepa kwambiri moti DNA yochepa singaonekere. Pamene PCR, monga taonera, imatha kuchulukitsa ngakhale tizidutswa towerengeka.

Umboni weniweni umachokera m'kachubu koyerekezera. RNA ya munthu mmodzi amaigawa pawiri. M'kachubu koyamba amaikamo zonse zofunika. M'kachiwiri amaikamo zonse kupatula reverse transcriptase. Popeza m'kachiwirimu RNA singasanduke cDNA, chilichonse chomwe chingachulukane m'menemo ndi DNA yotsalira. Pamakhalanso kachubu kachitatu komwe amaikamo madzi okha m'malo mwa RNA. Kameneka kakaonetsa kanthu ndiye kuti mankhwala kapena zipangizo ndi zomwe zadetsedwa, ndipo DNase singathetse vuto limenelo.

Makina a masiku ano amalemba ulendo womwe chizindikiro chayamba kuoneka. Nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti zoyambira zinali zambiri. Ndipereke zitsanzo ziwiri zongoyerekeza. Magazi oyamba aonetsa chizindikiro pa ulendo wa 26 m'kachubu koyamba, ndi pa ulendo wa 36 m'kachubu kopanda reverse transcriptase. Kusiyana kwake ndi maulendo 10, kutanthauza kuti DNA ndi gawo limodzi mwa magawo 1,024 a chizindikirocho. Zotsatira zimenezi ndi zodalirika. Magazi achiwiri aonetsa pa 33 ndi pa 34. Kusiyana ndi ulendo umodzi wokha, kutanthauza kuti theka la chizindikiro likuchokera ku DNA. RNA imeneyi iyenera kuthiridwanso DNase ndi kuyezedwanso. Akatswiri ambiri amafuna kusiyana kwa maulendo osachepera 5, pomwe DNA imakhala gawo limodzi mwa magawo 32, kapena kuti pafupifupi 3 pa 100 alionse. Malangizo otchedwa MIQE, omwe Stephen Bustin ndi anzake anatulutsa mu 2009, amalimbikitsa ofufuza kufotokoza m'malipoti awo momwe anaunikira DNA yotsalira.

Ntchito imayambira kumudzi

Kuyeretsa konseku n'kopanda phindu ngati RNA yaonongeka isanafike ku labotale. Kuchokera ku midzi ya ku Ntaja kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa maola angapo, ndipo magazi ongosiyidwa pa kutentha amataya RNA yake pamene DNA ikadali yonse. Zikatero DNA imaposa RNA, ndipo vuto lija limakula. Pachifukwa ichi magazi amathiridwa m'mankhwala oteteza RNA atangotengedwa, amanyamulidwa m'bokosi lozizira, ndipo akafika amasungidwa m'firiji ya madigiri 80 pansi pa ziro. Wogwira ntchito amavala magolovesi ndi kuwasintha pafupipafupi, amagwiritsa ntchito madzi ndi timachubu topanda RNase, ndipo sasungunula ndi kuumitsa RNA mobwerezabwereza. Malo okonzera mankhwala amakhalanso osiyana ndi malo otsegulirapo timachubu tomwe tachoka m'makina, chifukwa kachubu kamodzi kotere kamakhala ndi tizidutswa mabiliyoni.

Vuto lomweli pa HIV

Anthu omwe akumwa ma ARV amayezedwa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndipo labotale ya DREAM ya ku Balaka ndi imodzi mwa malabotale omwe akhala akugwira ntchitoyi m'dziko muno. Chomwe chimawerengedwa ndi RNA ya kachilombo yomwe ili m'madzi a m'magazi otchedwa plasma. Koma zipatala zakutali zakhala zikudontheza magazi pa kapepala n'kuwaumitsa kuti asavute kunyamula. Pa kapepalapo pamakhalanso maselo oyera a magazi, momwe HIV inalembamo kale DNA yake. DNA imeneyi imakhalabe ngakhale mankhwala akugwira bwino ntchito, ndipo ikawerengedwa pamodzi ndi RNA chiwerengero chimakwera. Popeza malire odziwira kuti mankhwala akulephera ndi makope 1,000 a RNA ya kachilombo pa mililita imodzi, munthu womwa mankhwala mokhulupirika akhoza kuganiziridwa kuti akudumphitsa. Apa yankho lagona pa kugwiritsa ntchito plasma komwe n'kotheka, kusankha njira zoyezera zomwe zimakoka RNA n'kusiya DNA yambiri, ndiponso kuyezanso munthu asanasinthidwe mankhwala.

Chochititsa chidwi n'chakuti poyeza mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi HIV, akakwanitsa masabata 6, DNA yomweyi ndiyo yakhala ikufunidwa pa kuyeza kotchedwa DNA-PCR. Izi zikutiphunzitsa kuti DNA payokha ilibe vuto. Imakhala chinyalala pokhapokha funso lathu likukhudza RNA, monga momwe chimanga chomera m'munda wa mpunga chimakhalira udzu.

Mawu otsiriza

M'nkhani ino ndaonetsa kuti RT-PCR imayeza RNA poyamba yaisandutsa DNA, ndipo pachifukwa chimenechi DNA iliyonse yotsalira imatha kunamiza woyeza. Ndafotokoza kuti vutoli limachepa posamala pa nthawi yosiyanitsa RNA, pothira DNase ndi kuipha moyenera, ndiponso posankha ma primer odutsa pa intron ngati jinilo lili nayo. Maganizo anga ndi akuti mwa zonsezi chosayenera kudumphidwa ndi kachubu kopanda reverse transcriptase. N'zoona kuti kamawonjezera ndalama ndi nthawi, ndipo m'dziko lomwe mankhwala a m'labotale amachokera kunja chiyeso chokasiya chimakhalapo. Koma popanda kachubu kameneka palibe angatsimikize ngati chomwe chapezeka m'magazi a mwana wa ku Ntaja kapena ku Namanolo ndi RNA ya gametocyte kapena ndi DNA yotsalira. Makolo a anawa amalola kuti magazi atengedwe pokhulupirira kuti zotsatira zake zithandiza kuchepetsa malungo m'midzi mwawo, ndipo n'koyenera kuti zotsatirazo zikhale zoona.